Jakisoni wa Ababa Ndinkabaya Ndine

St Mary's,
Chitungwiza.
Lachitatu, 14 Ogasiti.

Okondedwa achemwali anga a Ruqaya,

Asalamu alaikum. Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Muli bwanji kumeneko ku Lunzu? Alamu a Ridhiwani akupezako bwanji masiku ano? Nanga ana, sukulu ikuyenda? Kuno ine thupi lili bwino, Alhamdulillah, ana anganso ali bwino. Koma ndikati tonse tili bwino ndiye kuti ndanama, ndipo kunama ndatopa nako.

Kalatayi ndapatsira a Mackson, akondakitala a basi ya ku Blantyre ija munakwera chaka chatha. Akuti aisiya pagolosale pomwe amasiya katundu wanu. Mukhululuke Chichewa changa pomwe chapotoka. Mukudziwa kuti kuno tsiku lonse pamsika ndi Chishona chokhachokha, Chichewa ndimalankhula ndi Ababa basi.

Loweruka ndinakutumizirani uthenga wa mawu pafoni kuti timabotolo ta mankhwala tija musawabayenso nato alamu. Sindinanene chifukwa. Munaimba kasanu, ine osayankha. Musaganize kuti inali netiweki. Foniyo inali m'manja mwanga, ndikuiyang'ana ikulira.

Achemwali, Ababa ali m'chipatala. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ali moyo, akulankhula, akuzindikira anthu. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima ukhale m'malo. Koma chonde werengani mpaka kumapeto musanandiimbire, chifukwa amene wawagoneka pabedi limenelo ndine.

Shuga wa Ababa mukumudziwa, ndi zaka khumi ndi ziwiri tsopano akumwa mapiritsi. Koma chiyambire Epulo kunabwera china. Mapazi anayamba kuwotcha ngati aponda makala, tsiku lina n'kuchita dzanzi ngati akuyenda pathonje. Tsiku lina anachokera kumzikiti ndi patapata mmodzi, winayo atavuka panjira iwo osamva. Ana anaseka, iwonso anaseka nawo. Ine sindinaseke.

Chinawapweteka kwambiri ndi makina. Munthu wakhala telala moyo wake wonse, lero phazi silikumvanso chopondera. Ankati akaponda, makina amathamanga okha kapena kuima pakati pa msoko. Anawononga yunifolomu ya mwana wasukulu, mwini wake n'kulankhula mawu. Kuyambira tsiku limenelo anafunditsa makinawo chitenje, n'kumangokhala pakhonde kuyang'ana makombi, maminibasi a kuno, akudutsa.

Ndinapita nawo kuchipatala chachikulu. Anawatenga magazi. Adokotala anati shuga wadya mitsempha ya m'mapazi, komanso m'thupi mwawo mwachepa vitamini wina amene mitsemphayo imadalira. Anati zimenezi zimachitika kwa ena amene amwa mapiritsi a shuga zaka zambiri. Anawalembera jakisoni wa vitamini ameneyo, mankhwala ofiira ngati madzi a chidede. Ananenetsa kuti azikabayitsa kukiliniki, namwino ndiye azibaya. Ananenanso kuti jakisoniyo si wochiza zonse, chachikulu ndi kusamala shuga ndi kuyang'ana mapazi tsiku lililonse. Ine ndinangomva mawu amodzi okha akuti jakisoni. Enawo anadutsa.

Kukiliniki kwathu kuli namwino wina wachikulire, Sisita Winifred, wamtali, waimvi m'mbali mwa mutu. Iye ankawatchula Ababa kuti Sekuru Yunusi, ndiko kuti agogo Yunusi. Tsiku loyamba atawabaya anawakhazika pabenchi theka la ola, akuti aone ngati thupi silikukana mankhwalawo. Ine ndinanyinyirika mumtima kuti akutichedwetsa. Nthawi iliyonse ankatsegula singano yatsopano ife tikuona, akabaya n'kuiponya m'kabokosi kachikasu. Lero akabaya mbali iyi, ulendo wina mbali inayo. Akatero n'kulemba pakhadi, n'kusaina.

Tinkapita tsiku limodzi, lina kupuma. Patatha milungu iwiri Ababa anati moto uja wachepako. Anavundukula makina, nasoka pilo imodzi. Msoko unali wokhota, koma anandionetsa ngati mwana woonetsa kope lake.

Tsono mzere wa kukiliniki, achemwali. Juni wa kuno mukumukumbukira. Kufika isanakwane sikisi, kuzizira kukulowa m'mafupa, Ababa ataima pamapazi omwewo owawawo. Tikamatuluka dzuwa lili pamutu, tebulo langa la kaunjika pamsika wa Huruyadzo lili lofunditsa, anzanga atagulitsa kale. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikungofuna muone njira imene satana analowera.

Kenaka Sisita anati gawo loyamba latha, tsopano jakisoni azitalikirana, tidzabwere pakapita milungu ingapo. Ababa anakhumudwa. Tili m'kombi anandifunsa kuti chinthu chikamathandiza amachichepetsa bwanji. Ine ndinayankha kuti mwina akuumira mankhwala, akusungira abale awo. Ndinanena ndine mawu amenewo, za mayi amene sanatilakwirepo kanthu.

Sabata yomweyo ndinapita ku Makoni kukaoda katundu. Kumeneko kuli mayi wina, Mai Tarisai, wogulitsa mafuta odzola, koma pansi pa tebulo ali ndi chikwama cha mankhwala. Ndinamufotokozera za Ababa. Anatulutsa kajumbo ka timabotolo tagalasi, tina tofiira, tina toyera ngati madzi. Anandiuza kuti, “Ndiwo chaiwo, sisi,” kuti ndi omwewo a kukiliniki, koma awa ndi amphamvu kuposa. Anati ndizisakaniza kofiira kamodzi ndi koyera kamodzi. Panalibe bokosi, panalibe pepala lofotokoza. Zolemba pa timabotolopo zinali m'chilankhulo chimene sindichidziwa. Chikwamacho chinali padzuwa. Zonsezi ndinaziona, ndipo ndinagula. Anandiwonjezera masirinji atatu ngati basela.

Kabayidwe ndinaphunzira pafoni. Ndinaonera kanema mmodzi katatu, n'kudziona ngati namwino.

Tsiku loyamba Ababa anakhala pabedi, napinda buluku. Pathako sindikanatha, ndi bambo anga ondibala. Ndiye ndinasankha ntchafu yakumanzere. Kabotolo koyamba kanandisweka m'zala. Iwo anayang'ana kukhoma nati Bismillah, ine n'kubaya. Nditazula anatembenuka n'kunena kuti, “Watha kale? Dzanja lako n'lopepuka kuposa la anesi.”

Mawu amenewo ndi amene anandimaliza. Ndipo madzulo a tsiku lomwelo ululu wonse unatha, wa mapazi, wa msana, ngakhale wa bondo lija lakale. Anayenda mpaka ku Huruyadzo kudzandiona patebulo. Ndinati Allah wandionetsa njira. Ndiye ndinaganiza kuti ngati kamodzi kachita chonchi, nanga tsiku lililonse?

Ndinawabaya tsiku ndi tsiku, milungu isanu ndi masiku ena. Singano zinali zitatu zomwe zija. Ndinkaziwiritsa m'kapoto kakang'ono, n'kuziyanika pambale, n'kumati ndazisamala. Zinafika pobuntha moti ndinkachita kukankha ndi mphamvu. Ndipo ndinkabaya malo amodzimodzi, chifukwa Ababa ankati pamenepo sipapweteka.

Tsiku lobwerera kukiliniki linadutsa. Patapita masiku Sisita Winifred anabwera patebulo langa kudzasankha juzi. Anandizindikira, n'kufunsa kuti Sekuru ali kuti, bwanji sanabwere. Ndinamuuza kuti apita ku Malawi kwa achemwali anga. Dzina lanu ndinanamira, achemwali. Iye anati ndiwauze apite ndi khadi lawo kuchipatala cha kumeneko, asadumphe. Ndinati ndiwauza. Ndinamuchotserako mtengo wa juziyo kuti achoke msanga.

Ndi masiku omwewo ndinakuimbirani ndikudzitama kuti ndapeza mankhwala odabwitsa. Munati alamu nawonso mapazi ayamba kuwotcha. Ndinabwerera ku Makoni, n'kukutumizirani timabotolo tija kudzera kwa a Mackson. Ndinakufotokozerani ndi kasakanizidwe komwe, ngati munthu wodziwa.

Zizindikiro zinalipo, musaganize kuti zinabwera ngati mphezi. Pamalo pobayapo panauma, panachita kachibulu. Nditagwira ndinamva kutentha. Ndinangosuntha singano pang'ono, n'kubaya pambali pake. Akakolo anayamba kutupa, sokosi n'kumasiya mzere. Kamakina koyezera shuga kanayamba kuonetsa manambala okwera, ine n'kumati batire latha. Kuchimbudzi anayamba kupita kamodzikamodzi, munthu amene kale ankapita pafupipafupi. Ndinkati ndiye kuchirako.

Kenaka Ababa anayamba kundipatsa ntchafu yakumanja. Anati yakumanzere yatopa, ipume. Buluku ankapinda mwendo umodzi wokha, winawo ataphimba ndi bulangete. Swala anayamba kuswalira pampando. Nditafunsa anati ndi ukalamba. Ndinkadziwa kuti akubisa chinachake, ndipo ndinkawalola kubisa, chifukwa ndinkaopa kuona.

Lachisanu lapitali, cha m'ma leveni m'mawa, ankakonzekera kupita kumzikiti ku swala ya Juma. Anali atavala mkanjo wawo woyera ndi kofia. Ine ndinali panja ndikuyanika zovala. Ndinangomva chinthu chikugunda chitseko. Nditalowa ndinawapeza ali pansi pakhomo la chipinda, akunjenjemera mpaka mano kugundana, thupi lotentha ngati simbi. Ankaitana amayi, malemu, ndi dzina lawo la paubwana. Ankalankhula Chiyao, chimene sindinawamvepo akulankhula kuchokera pamaliro a agogo.

Nditati ndiwadzutse, dzanja langa linagwira ponyowa. Mkanjo woyera uja unali utada mbali yakumanzere, mafinya osakanikirana ndi magazi. Fungo lake, achemwali, mpaka pano likundibwerera ndikafuna kudya. Ndinakuwa. Aneba anathamanga, wina anaimitsa kombi pamsewu, anthu anatsika okha kuti tiwagoneke pampando.

Kuchipatala anatilandira dokotala wachitsikana, wochepa thupi, wolankhula mofulumira. Anadula buluku ndi sizasi. Ntchafu ija inali itatupa ngati dzungu, yonyezimira, yakuda pakati. Namwino amene anali pambali anayang'ana kumbali. Adokotala anati ichi ndi chithupsa chachikulu chamkati mwa mnofu, ndipo poizoni wake walowa m'magazi. Anaona timabala ta singano tili ndondondo, n'kufunsa kuti akuwabaya ndani.

Apo n'kuti Ababa atawaika diripi, nzeru zitabwererako pang'ono. Ine ndinali kumapazi kwa bedi, nditagwira kofia yawo. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenaka anauza adokotala kuti, “Ndi kukiliniki.”

Adokotala anatenga khadi lija m'chikwama changa, naona siginecha ya Sisita Winifred mizere yonse. Nkhope inasintha. Anati nkhani imeneyi sithera pompa, alemba lipoti, namwino wochita zotere sayenera kugwiranso wodwala. Anandifunsa ngati zili choncho. Achemwali, ndinagwedeza mutu kuvomera.

Masana omwewo anawalowetsa ku opaleshoni. Asanalowe anandipatsa pepala kuti ndisaine. Namwino anandiwerengera kuti akapeza kuti mnofu wawola kwambiri, mwina mwendo sautsiya. Ndinasaina ndi dzanja lomwe lija. Ndinakhala pabenchi maola atatu ndikuyang'ana chitseko. Dua iliyonse imene ndinkayamba inkathera pakati. Ndipemphe bwanji kwa Allah, bodza lili m'kamwa?

Anatuluka ndi miyendo yonse iwiri. Koma adokotala anati pali china chikuwadetsa nkhawa. Magazi akuonetsa kuti impso zikulephera, ndipo vitamini wolembedwa pakhadipo sachita zimenezo. Anati pali chimene sakuchidziwa, ndipo kuchiza munthu usakudziwa chimene chamulowa m'thupi kuli ngati kusoka mumdima. Ndinamva. Ndinapita kunyumba osanena kanthu.

Loweruka m'mawa nditafika ndi phala, ndinapeza Sisita Winifred ali pakhonde la wodi. Sanavale yunifolomu, anali ndi diresi la kunyumba ndi duku, atakumbatira buku lalikulu la kukiliniki. Anali atamuimbira foni kuti abwere adzayankhe. Maso ake anali ofiira. Atandiona anaima, n'kunena motsitsa kuti, “Ndimayesa Sekuru ali ku Malawi.”

Iye anapitiriza, osakweza mawu. Anati wagwira ntchito zaka makumi atatu, kwatsala ziwiri kuti apume, ndipo sanabayepo munthu pamalo amodzi kawiri motsatizana. Anati buku lake likuonetsa kuti Sekuru anasiya kubwera mu Juni, koma akuluakulu angathe kunena kuti anangosiya kulemba. Kenaka anandifunsa kuti Sekuru agona bwanji. Munthu ntchito yake ili pamoto chifukwa cha ife, koma akufunsa za wodwala.

Ndinamupatsa kontena ya phala kuti andigwirire. Ndinatuluka, n'kukwera kombi kubwerera ku St Mary's. Pansi pa bedi langa panali chitini cha mabisiketi momwe ndinkasungamo zonse, timabotolo totsala, timene ndinaswa kale, masirinji atatu aja. Ndinatenga ndi kapoto komwe. M'kombi yobwerera chitinicho chinali pamiyendo panga, timabotolo tikulira ngwengwengwe pa bampu iliyonse. Ndinkaona ngati aliyense akumva ndipo akudziwa. Kawiri konse ndinafuna kutsika n'kukachiponya mumtsinje. Ndinkaganiza za apolisi, za ana anga, za zimene anthu akanene kumzikiti.

Pageti la chipatala ndi pamene ndinakumbukira alamu. Ndi pomwe ndinakutumizirani uthenga uja, nditatsamira mpanda.

Ndinalowa muofesi ya adokotala, Sisita Winifred ali momwemo. Ndinaika chitini patebulo, n'kunena kuti Ababa ananama pofuna kunditeteza, inenso ndinanama, wobaya ndine. Mawu anatuluka m'Chichewa, ndinachita kubwereza m'Chishona kuti amve.

Adokotala anavala magolovesi, natsegula. Anatenga kabotolo koyera kaja, nakayang'anitsa pawindo, n'kupumira m'mwamba. Anati kofiirako mwina ndi vitamini ndithu, ngakhale palibe angalumbire popanda bokosi lake. Koma koyerako ndi mankhwala amphamvu oletsa ululu, oti munthu wa shuga wachikulire sayenera kulandira tsiku ndi tsiku, chifukwa amapweteka impso. Anati n'chifukwa chake ululu unatha tsiku limodzi. Sikunali kuchira, kunali kutseka pakamwa thupi kuti lisadandaule, chithupsa chikukula mkati. Timabotolo tina tinali titatha kale ntchito chaka chatha. Kenaka anafika pa masirinji ndi kapoto. Anangondifunsa kuti ndawabaya kangati. Nditawauza anatseka maso.

Anati singano ndi ya ulendo umodzi basi, kuwiritsa m'poto sikuiyeretsa, ndipo munthu wa shuga kabala kakang'ono kamasanduka nkhani. Kenaka anati, “Mwachedwa, koma mwabwera. Tsopano tikudziwa chimene tikulimbana nacho.” Anang'amba pepala la lipoti lija, limene linali pansi pa cholembera chawo, n'kupepesa Sisita.

Ndinkayembekeza kuti Sisita Winifred andilalatira. Ndinkafuna atandimenya mbama. Koma anangondiyang'ana n'kunena kuti mwanangu, ukanabwera kudzandiuza kuti mzere ukukulemera, tikanapeza njira, okalamba timawalowetsa patsogolo munthu akapempha. Anati jakisoni anatalikitsa chifukwa thupi limasunga vitaminiyo, likadzaza silifunanso wa tsiku ndi tsiku. Sikunali kuumira. Mawu amenewa sindinamuuzepo kuti ndinanena, koma anawayankha ngati anali nafe m'kombi muja.

Adokotala anandifunsa komwe ndinagula, ndinawauza, analemba. Zimene zitsatire sindikudziwa. Lolemba ndinapita ndekha ku Makoni. Mai Tarisai anati sakundidziwa, sanandionepo. Panali mtsikana wina ataima pamenepo, akuti akufunira amayi ake timabotolo tomwe tija. Ndinamugwira mkono n'kumuonetsa chithunzi cha ntchafu ya Ababa pafoni. Anthu anasonkhana, ena ankati ndapenga. Mtsikanayo anachoka osagula. Chimenecho chokha ndi chimene ndachita chabwino mwezi uno.

Tsopano mmene zilili ndi umu. Bala analisiya lotsegula, amalitsuka tsiku lililonse n'kulongamo thonje. Ndi dzenje loti chibakera cha mwana chingalowe. Akamatsuka Ababa amaluma pilo, sakuwa. Dzulo adokotala anati mwendo wapulumuka, sadula. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo.

Impso ndiye zikundisowetsa mtendere. Anawaika kathumba ka mkodzo m'mbali mwa bedi, anamwino amayeza. Ine amene ndinkanyansidwa ndi zotere, pano ndikafika ndimayamba kuyang'ana kathumbako ndisanawapatse moni. Lamlungu munali tochepa, takuda ngati tiyi wopanda mkaka. Anati zikapitirira choncho awatumiza ku Harare kumakina osefa magazi. Lero m'mawa mwachulukako, mwayerako. Adokotala akuti magazi ayamba kuonetsa kusintha, makina aja mwina safunika. Koma anenanso poyera kuti impsozo mwina sizibwerera mmene zinalili, azidzayezedwa moyo wawo wonse. Ndikafunsa kuti atuluka liti amangoti tione mawa. Mawu akuti mawa ndayamba kuwaopa. Foni ikalira ndili pamsika, ndimayamba ndaona nambala ngati si ya kuwodi.

Ndiye pempho langa ndi ili, achemwali, ndagwada. Alamu mwawabaya kangati? Akuwabaya ndani, ndi singano zotani? Musadikire kuti adwale. Mawa lomwe mupite nawo kuchipatala, mutenge timabotolo tonse, todzaza ndi totha tomwe. Musataye m'chimbudzi pofuna kubisa, adokotala akufunika kuona ndi maso. Muwapemphe ayeze impso, ayang'anenso pamalo pobayapo. Mukaona pauma, patentha kapena pafiira, akakolo atupa, kapena mkodzo wachepa, musagone nazo. Ngakhale alamu anene kuti akupeza bwino, musamvere. Ababa nawonso ankapeza bwino.

Akakufunsani komwe munatenga, nenani kuti anatumiza mng'ono wanga wa ku Zimbabwe, Maimuna. Musanditeteze. Ndaona kumene kutetezana kumafikitsa. Ngati mitsempha ya alamu ikufunadi jakisoni, adokotala ayambe ayeza magazi, alembe okha, ndipo azibaya namwino. Mzere ukatalika, imani. Ine ndikanalola kuima chaka chathunthu kusiyana ndi benchi la pakhomo la opaleshoni lija.

Dzulo masana, anthu odzaona odwala atachepa, Ababa anandiitana pafupi. Anandifunsa ngati ndinawauza adokotala zoona. Ndinati eya. Kenaka anati mwendo ukupweteka, koma chikuwalemera kwambiri n'chakuti ananamizira munthu wosalakwa, tsiku la Juma, atavala zovala za swala. Anapempha kuti ndikaitane Sisita.

Anabwera ataweruka kuntchito. Ababa anayesa kudzuka, iye anawaletsa. Anamugwira dzanja ndi manja awiri, n'kupempha chikhululukiro m'Chishona chawo chothyokathyoka chija. Misozi inkatsika, bambo athu amene sitinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a amayi. Sisita anati nkhaniyo yatha, koma Sekuru akatuluka akufuna kuwaona pabenchi lake ndi khadi m'manja, ndipo akadzadumphanso adzabwera yekha kunyumba kudzawatenga. Ababa anaseka, chifuwa n'kuwatsamwitsa.

Sisita atachoka, Ababa anandiuza kuti ndikulembereni kalata ndi dzanja langa. Anati pafoni munthu umadula pakafika powawa, n'kunamizira netiweki. Anawonjezera kuti, “Usalembe kuti walakwa wekha. Mwendo unali wanga, ndinkaupereka ndekha, ndipo nditaona kuti waola ndinaubisa.”

Ndalemba mawu awo monga ananenera, chifukwa anandituma. Koma inu mukudziwa, inenso ndikudziwa. Iwo anali munthu womva ululu, wofuna kubwerera kuntchito yake. Ine ndinali ndi maso awiri abwinobwino.

Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ngati mukufuna kundikalipira, imbani, ulendo uno ndiyankha, ndipo sindidula. Koma muyambe mwandiuza za alamu, chifukwa kufikira nditamva kuti ayezedwa, chakudya sichikutsika. Ndipo ngati mungathe kupeza njira, bwerani. Ababa sananene kuti mubwere, mukuwadziwa. Koma munthu wamkazi aliyense wovala hijabu akalowa m'wodi, amadzutsa mutu.

Mundiperekere moni kwa alamu a Ridhiwani, muwauze kuti ndilibe nkhope yowayang'anira. Moni kwa ana onse, kwa apongozi anu, ndi kwa azakhali ku Machinga mukawaimbira. Azakhaliwo muwauze zoona, musawachepetsere. Mupemphe ashehe a kumeneko atikumbukire pa dua Lachisanu likubwerali, atchule dzina la Ababa, Yunusi. Ngati pangatsale malo, atchulenso langa.

Allah akusungeni, akutchinjirizeni inu ndi a m'nyumba mwanu ku chimene ndinakutumizirani ndi manja anga.

Ndine mng'ono wanu,
Maimuna.